Mmene Ndinapitira Kukatsitsa Mayi Anu M'phiri

Tabwera nayo kuno foniyo, Mphatso, ndione bwino. Maso anga masiku ano amafuna chinthu chifike pamphuno. Eya, ndaziona. Mbawala za makutu ngati a bulu zimenezi ndi za kumapiri a ku Amereka. Taona zakolana nyanga pa sinowo. Za kuno ku Scotland makutu ake ndi aafupi, koma ukali ndi womwewo. Ndikudziwa chifukwa ndinaziona ndi masowa, osati pakagalasi ayi. Chisomo, usaseke. Ukuganiza kuti agogo ako amangodziwa njira ya kutchalitchi? Khalani pansi nonse awiri. Mvula iyi sikata lero, ndipo agogo anu aakazi achedwa kumsonkhano wa amayi. Mukasowa mawu mufunse, koma musandidule ndi Chingerezi chanu cha ku Dennistoun kuno ku Glasgow chothamanga ngati sitima.

Mayi anu, awa amabwera Lachisanu ndi majombo amatope n'kumakukalipirani za homuweki, kwa ine ndi Tiya basi. Tinabwera naye kuno ali kamtsikana kogweluka mano. Agogo anu aakazi ndiwo anatsogola atapeza ntchito ya unamwino, ine n'kutsatira ndi mwana ndi masutikesi. Kwathu ku Ntchisi ndinali kalipentala, koma kuno ndinalowa ntchito yosamalira okalamba ku Partick, kuwasambitsa ndi kuwadyetsa. Tinkati Tiya adzakhala namwino ngati mayi ake, azidzagwira ntchito m'nyumba yofunda. Iye anakasankha sukulu ya zankhalango. Tinati chabwino, azikadzala mitengo. Sitinadziwe kuti kuno mdani wa mitengo ndi mbawala, zimene zimabudula mphukira zonse, ndipo wosamala mitengo amamupatsanso mfuti kuti azizichepetsa. Tsiku limene anatiuza kuti wapeza ntchito yonyamula mfuti kumapiri a kumpoto, agogo anu aakazi anangokhala pansi pa masitepe a fulati ino.

Inu ana simungamve chimene chinatiwawa, chifukwa simudziwa uzimba. Kwathu mwezi wa Okutobala, tchire litapsa, dzuwa likuswa mtengo, amuna a midzi ingapo ankasonkhana m'mamawa ndi agalu, mauta, nthungo ndi zibonga. Mfuti inali imodzi m'dera lonselo, ya gogodela, yothira wonga kukamwa. Ikalira, mwini wake ankayamba wayang'ana ngati zala zake zilipo zonse. Mkazi sankapita ku uzimba. Ngakhale mwamuna, ngati kunyumba kwake kuli woyembekezera, akuluakulu ankamubweza panjira. Ndipo panali chinthu chimene tinkachiopa kuposa kambuku: mbawala yolasidwa. Amalume anga a Lufeyo anatsata ina m'khwawa poganiza kuti yafa. Inadzuka n'kuwang'amba ntchafu. Ndinakula ndikuwaona akutsimphina popita kudimba. Ndiye mwana wanga wamkazi andiuze kuti ntchito yake ndi imeneyo, mumati ndigone tulo?

Zaka zinapita. Anakwatiwa ndi bambo anu, a Callum, amene nthawi imeneyo anali atangoyamba kuwotcherera zitsulo kopangira zombo ku Govan. Tiya ankakhala kuphiri mkati mwa sabata, m'kanyumba ka kuntchito, n'kumabwera kuno Lachisanu. Tinazolowera, monga mmene munthu amazolowerera dzino lobooka, kutafunira mbali inayo.

Chaka china, Okutobala ali pakati, ndinaweruka kuntchito n'kupeza agogo anu aakazi atandilongedzera kale chikwama.

"Bambo a Tiya, mawa mukwere sitima. Mukamutenge mwana."

"Watani?"

"Ndi wodwala."

Kwathu akatsitsa mawu chonchi n'kunena kuti mkazi ndi wodwala, sakunena malungo ayi. Akunena kuti ali ndi pakati. Chisomo, khala bwino, apa ndi pamene iwe ukulowa m'nkhani.

"Miyezi yapita ndithu, mwana wayamba kale kugunda," iwo anatero. "Apongozi athu a Callum alankhula, alephera. Ine ndalankhula pafoni mpaka mawu kusasa. Akungoti azamba amulola bola azisamala. Kusamala kwake kuti, munthu akukwawa pamiyala? Inu amakumverani."

"Ndikamuuze kuti chiyani? Mukudziwa kuti nkhani imeneyi si ya bambo."

"Mukapeza ponenera."

Masiku ano mumajambula mwana ali m'mimba n'kumata chithunzi pafiriji kuti aliyense wobwera kudzamwa tiyi aone. Ife tinaleredwa mwina. Bambo sankatchula za mimba ya mwana wake. Ankaona, n'kuyang'ana kumbali, mpaka tsiku lodzamuuza kuti m'nyumba mwabwera mlendo. Ndiye ndinakwera sitima ndi uthenga umene pakamwa panga panalibe mawu ake. Njira yonse ndinkayeserera chamumtima, koma chiganizo chilichonse chinkafera pakati. Sitima itatuluka m'tauni nyumba zinayamba kuchepa, kenako mitengo nayo inatha, kunangotsala mapiri ofiirira opanda ngakhale mbuzi. Pamwamba pake panali patayera kale. M'mabuku amati chipale chofewa, koma ife tonse timangoti sinowo.

Tiya anandichingamira pa kasiteshoni kopanda ngakhale wogulitsa nthochi. Anavala jekete lalikulu, ndipo ine ndinayang'ana nkhope yake yokha. Pambali pake panali galu wofiira, wa makutu ogwa, amene anamutcha dzina lakwathu, Mwatero.

"Amama ndi amene akutumani," anatero asanandipatse n'komwe moni.

"Ayi, ndangoti ndidzaone mapiri."

Anaseka, n'kundilanda chikwama. M'galimoto ndi momwe anandiuza kuti ndabwera tsiku loipa. Masana omwewo panali mlendo wina wochokera kunja, wa anthu obwera kudzasaka mwachisangalalo, amene anaombera mbawala yamphongo n'kuilasa pantchafu m'malo mwa pamtima. Inathawira kumtunda, ndipo nkhungu inawatsekereza asanaipeze.

"Mawa kukacha ndikaifune. Sitingaisiye ikuvutika."

"Palibe wina angapite?"

"Mwatero amamvera ine ndekha. A Duncan, anzanga a kuntchito, ndi okalamba, amatsala m'munsi ndi hatchi."

Nyama yolasidwa pantchafu! Ndinangomva pakamwa panga pakunena kuti, "Ndiye tipita tonse."

Tikutsika m'galimoto dzuwa likulowa, ndinamva chinthu chimene chinandiimitsa tsitsi. Kuphiri kunamveka kubangula, kwakuya, kotalika, ngati ng'ombe yamphongo ikulira m'mgolo. Kwina kunayankha kutsidya kwa chigwa. Ndikanalumbira kuti ndi mikango. Tiya anati ndi mbawala zomwezo. Mwezi umenewu amphongo amasiya kudya, amagubuduka m'matope akuda, amasonkhanitsa zazikazi n'kumamenyana ndi aliyense wofuna kuwalanda. Mphatso, usafunse chifukwa chake, udzafunse bambo ako. Ine ndinangowatcha atonde, chifukwa fungo lawo ndi lomwe lija la tonde wa mbuzi.

M'mawa Tiya anandiveka ngati mwana wopita kusikelo: masokosi awiriawiri, majombo obwereka, magolovesi, chipewa chophimba makutu. A Duncan anatipeza panja ndi hatchi yawo yaifupi, yoyera, yonyamulira nyama. Anali mkulu wa ndevu zaimvi, wosalankhulalankhula. Ndinawafunsa ngati sinowo igwenso tsikulo. Anayang'ana kumwamba n'kuti, "Aye." Mtima unatsika, ndinati bola ayi. Kenako ndinakumbukira kuti ndili ku Scotland, kumene ayi wawo ndiye inde. Zaka zonsezi ndakhala kuno, koma ndikachita mantha makutu anga amabwerera ku Ntchisi.

Tinawasiya a Duncan pamene njira ya hatchi inathera. Tiya anatsogola, mfuti kumsana, galu pachingwe. Ine pambuyo, maso anga ali pa mapazi ake. Akaponda mwala, ine mpweya ndagwira. Poyamba sinowo inali zigambazigamba, kenako inafika m'kakolo. Titaima kuti ndipume, ndinayesa.

"Tiya, kodi ntchito inoyi tchuthi kulibe?"

"Chilipo, ababa. Nyengo yosaka ikatha."

"Ndimati kuzizira kotereku si kwabwino kwa munthu."

"Kwa munthu uti?"

Anandiyang'ana m'maso, akudikira. Ndikuganiza kuti ankafuna ndinene. Ine ndinayang'ana galu.

"Kwa munthu aliyense," ndinatero.

Anapukusa mutu, n'kupitiriza kukwera.

Tisanafike pamene nyama inalasidwira, Tiya anagwada mwadzidzidzi n'kundikodola kuti nanenso nditero. Patsogolo pathu, pa kachidikha, panali mbawala zazikazi zambiri zikufukula udzu, ndi tonde mmodzi akuzizungulira. Ana inu, chinyama chimenecho! Khosi lakuda ndi matope, nyanga zanthambi ngati mtengo wouma, nthunzi ikutuluka m'kamwa. Anatukula mutu n'kubangula, ndipo ndinakumva m'nthiti. Tiya anandinong'oneza kuti tikawadzidzimutsa athawira kumtunda n'kukadzutsa wolasidwa uja, ndiye tiyenera kudutsa chokwawa. Tinakwawa. Madzi ozizira analowa m'mawondo ndi m'zigongono. Ndili pambuyo pake ndinaona chinthu chimodzi: sankakwawa chafufumimba ayi. Ankayenda cham'mbali, ndi chigongono ndi bondo, dzanja lina litatchinga kutsogolo kwa jekete. Ankadziwa chimene wanyamula. Kuona zimenezo sikunandichotsere mantha, kunangowasintha malo.

Titadutsa, anamasula chingwe pang'ono n'kulankhula ndi galu motsitsa. Sinowo yatsopano inali itakwirira chilichonse. Ine sindinkaona kanthu, koma Mwatero anaika mphuno pansi n'kuyamba kukoka. Patsinde pa mwala wina, pamene sinowo sinafike, tinaona timadontho ta magazi takuda. Kutsogolo tinapeza pamene nyama inagona, sinowo itasungunuka, pakati pali pofiira. Kumwamba kunali kutayamba kuda, ndipo timasinowo tinayamba kugwa pang'onopang'ono ngati phulusa la lupsa.

Galu anatitsogolera mpaka pakamwa pa khwawa lakuya, la miyala mbali zonse, kamtsinje kakuyenda pansi. Nditangoona khwawalo ndinaona amalume a Lufeyo. Ndinamugwira jekete.

"Usalowemo. Ndakupempha."

"Ali momwemo, ababa. Mukhale kumbuyo kwanga, ndipo zivute zitani musathamange."

Anatsitsa mfuti, analowetsa chipolopolo, n'kumasula galu. Tinalowa pang'onopang'ono. Fungo ndi limene linayamba kutipeza. Kenako Mwatero anauwa, ndipo kuseri kwa thanthwe kunadzuka tonde, mwendo wakumbuyo ukulendewera. Sanathawe. Kumbuyo kwake kunali phompho, njira yokha yotulukira inali pamene tinaima ife. Anatsitsa nyanga. Tiya anagwada n'kulozetsa mfuti, koma galu ankalumphalumpha pakati.

"Mwatero, choka! Choka!"

Ine chamumtima ndinkangoti ombera, ombera. Tonde anayamba kubwera ndi miyendo itatu, miyala ikugubuduka. Galu analumphira kumbali. Mfuti inalira kamodzi. Nyama inagwada, inagona, nyanga zili m'madzi, pafupi poti ndikanaponya chipewa chikanaigwera.

Tiya anadikira, anayandikira, anakhudza diso la nyama ndi kansonga ka mfuti, n'kuchotsa zipolopolo zotsala. Ananditembenukira akumwetulira.

"Mwaona? Zatha."

Ndipo ine ndinakhulupirira kuti zatha. Zimene ndinkaopa kuyambira pa sitima zinali nyanga, ndipo nyangazo zinali gone m'madzi. Anayamba kubwerera kuti adzatenge mpeni m'chikwama. Anaponda mwala wathyathyathya, wokutidwa ndi sinowo, wosaoneka choopsa chilichonse. Phazi linaterereka. Anagwa cham'mbali, mwamphamvu, m'chiuno ndi m'nthiti, pamwala womwewo.

Ndinamudzutsa. Anaseka pang'ono, akuti palibe kanthu. Anatenga mpeni, anawerama kuti atumbule nyama, koma anaima atawerama choncho. Kenako anandipatsa mpeniwo.

"Ababa, tumbulani ndinu. Ndikhale kaye pansi."

Nyama ikaphedwa kuphiri amaitumbula pomwepo kuti isaonongeke. Ntchito imeneyo ndinaiphunzira ndili mnyamata, ndipo manja anaikumbukira okha, koma mutu wanga sunali pamenepo. Ndinkamuyang'ana chozemba. Anakhala motsamira thanthwe, dzanja lili m'kati mwa jekete, maso ali pamodzi ngati munthu womvetsera zolankhulidwa kuchipinda china. Milomo inali itatuwa. Sinowo tsopano inkagwa yambiri, yaikuluikulu ngati thonje.

Anatulutsa kawailesi kolankhulirana, kaja kwathu timati ovaova, n'kuitana a Duncan. Kanangolira phokoso. Anayesanso. M'khwawa mawu sankatuluka, ndipo foni kumeneko inali ngati mwala.

"Mukwere pamwambapo, ababa. Mutobwanye apa, muwauze abwere ndi hatchi kukhwawa la pansi pa phompho. Adziwa."

"Ndikusiye wekha?"

"Ndili ndi Mwatero. Pitani."

Sanati tiyeni tizitsika. Tiya amene ndimamudziwa akanati tiyeni tizitsika. Pamenepo ndinadziwa kuti zinthu sizili bwino.

Ndinakwera ndi manja ndi mawondo, ndikugwira timitengo ta m'mbali. Pamwamba mphepo inandimenya ngati mbama. Ndinatobwanya kawailesi n'kufuula Chingerezi changa chonse, chosweka ndi mantha. Ndinati wagwa, ndinati khwawa, ndinati hatchi, ndinati fulumirani. Kenako mawu a a Duncan anamveka patali, akufunsa ngati akutha kuyenda. Ndinati sindikudziwa. Ndiye ndinanena chimene ndinalephera kunena m'Chichewa. Ndinati ali ndi mwana m'mimba. Iwo anati akudziwa, ndipo anyamuka kale.

Nditatembenuka kuti ndibwerere, khwawa kunalibe. Kumwamba koyera, pansi poyera, kutsogolo koyera. Mapazi anga amene ndinali nditangoponda anali atafufutika. Inu mumaidziwa sinowo ya mumsewu uno, imene mumaumba zidole n'kusungunuka pofika masana. Ya kuphiri imakulanda kumanja ndi kumanzere. Ndinayenda pang'ono, ndinaima. Ndinkadziwa kuti penapake pafupi pali phompho. Ndinaitana Tiya, mphepo inameza mawu. Ndinaganiza za agogo anu aakazi ali pantchito m'wodi, akukhulupirira kuti atuma munthu wanzeru. Ndinaganiza kuti mwana wanga akhala m'khwawa akudikira bambo amene asochera pamtunda wosakwana kuchokera pano kukafika pokwerera basi.

Kenako ndinafuula dzina la galu. Ndinafuula mpaka kukhosi kuwawa. Kumanzere, kumene sindinkaganizirako n'komwe, kunamveka kuuwa. Ndinakhala pansi n'kutsetsereka ndi matako molunjika kumeneko, ndikuitana, iye akuyankha, mpaka ndinagwera m'kamtsinje pafupi ndi nyama ija.

Tiya anali pomwe ndinamusiya, sinowo itamuunjikira pamapewa. Ndinavula jekete langa n'kumufunditsa, ndinamuthirira tiyi wa m'fulasiki. Anagwira kapu osamwa.

"Ababa," anatero, osandiyang'ana, "sakugwedezeka. M'mawa monsemu amandimenya. Chigwereni, zii."

Ana inu, ndasamalira anthu ambiri pa maola awo otsiriza, ndipo ndimadziwa mawu oyenera kunena. Tsiku limenelo ndinalibe ngakhale amodzi. Ndinakhala pambali pake, mbali yochokera mphepo. Mwambo wonse umene ndinanyamula kuchokera ku Ntchisi unangokhala ngati katundu wa mwini.

"M'mimba mukupweteka?" ndinafunsa.

"Mukumanga, n'kumasula."

"Magazi?"

"Sindikuganiza."

"Iwenso unkatero," ndinatero. "Mayi ako ali ndi pakati pa iwe anagwa panjinga, ine ndikupalasa, pa mtsetse wa kumsika. Unakhala chete tsiku lonse. Mayi ako analira mpaka maso kutupa. Madzulo atamwa thobwa unayambiranso ndewu."

Anandiyang'ana. "Simunandiuzepo zimenezo."

"Sizinali zoti ndikuuze ine."

"Ndi zoona, kapena mukungonditonthoza?"

"Ukawafunse mayi ako. Mpaka lero amati ndinalowetsa njinga m'dzenje dala."

Anaseka pang'ono, misozi ikutsika. Anamwa tiyi uja, n'kubwezera dzanja m'jekete. Tinadikira. Ndikamufunsa ndi maso, ankapukusa mutu. Kutsidya atonde anapitiriza kubangula ngati palibe chachitika. Zala zanga zinasiya kumva. Sindikudziwa kuti tinakhala nthawi yaitali bwanji. Ndinkapemphera chamumtima pemphero la mawu awiri okha, lobwerezabwereza.

Mwatero ndiye anayamba kumva. Anaimika mutu, ndipo posakhalitsa m'kuyera muja munatuluka hatchi, a Duncan akuikoka, ndevu zili mbuu. Sanafunse zambiri. Anayang'ana Tiya, anayang'ana nyama, anayala bulangete pachishalo chonyamulira nyama, ndipo tinamukweza. Tiya anati nanga tonde. A Duncan anati tonde sathawanso.

Kutsika kunali kotalika kuposa kukwera. A Duncan patsogolo, ine pambali nditagwira bondo la mwana wanga kuti asagwe. Hatchi ikaterereka pang'ono, mtima wanga unkaima. Iyo inkadziwa njira kuposa tonsefe. Titatsika ndithu, sinowo inasanduka mvula, kenako tinaona galimoto. A Duncan anayendetsa. Foni itangogwira, Tiya anaimbira azamba, kenako bambo anu. Ndinamva mawu a bambo anu akusweka, akuti akunyamuka pomwepo. Agogo anu aakazi sindinawaimbire. Ndikanati chiyani?

Chipatala chinali chaching'ono, m'katauni ka m'mphepete mwa nyanja yamchere. Mzamba, mayi wamfupi wa tsitsi lofiira, anamulowetsa m'kachipinda. Ananditembenukira n'kufunsa ngati ndikufuna kulowa. Ndinakana. Tiya anati, "Ababa, musapite patali." Ndiye ndinaima pakhomo, chitseko chili chotseka mwatheka, nkhope nditalozetsa kukhoma, madzi akudontha m'buluku langa n'kupanga kachithaphwi pansi.

Ndinamva mzamba akuyatsa kamakina komvetsera. Kanalira ngati mphepo. Anasuntha, mphepo yomweyo. Anasunthanso. Anafunsa Tiya mbali imene anagwera. Kenako onse awiri anakhala chete, ndipo chete ameneyo sindimufunira munthu aliyense. Ndinatsamiritsa chipumi pakhoma. Pamenepo, pansi pa mphepo ija, panayamba kumveka kena kake, kofulumira, gu gu gu gu, ngati mwana wa mbuzi akuthamanga pakhonde la simenti.

"Ndi ameneyo," mzamba anatero. "Anangobisala."

Ndinapezeka nditakhala pansi, m'kachithaphwi kanga komwe, munthu wamkulu, mkulu wa mpingo. Wina wodutsa anandifunsa ngati ndikudwala. Ndinati ayi, iye n'kumva inde, n'kuthamangira kukaitana namwino.

Anali iweyo, Chisomo. Mawu ako oyamba kuwamva ine anali amenewo, ndipo chiyambire sunakhalenso chete.

Anamugoneka kuti amuone mpaka m'mawa. Nthiti imodzi inali itachita mng'alu, koma zina zonse zinali bwino. Bambo anu anafika nkhope ili ngati pepala. Agogo anu aakazi nditawaimbira anamvetsera mpaka kumapeto, osandidula, zimene sizichitikachitika. Kenako anati, "Ndinakutumani kukamutsitsa, inu mwakakwera naye."

Tiya anabwera yekha ku Glasgow sabata yomweyo, popanda womuuza, ndipo sanakwerenso phiri mpaka iwe utabadwa. Ine ndinkati basi, waona yekha, mfuti waisiya. Utangosiya kuyamwa, anatenga majombo ake. Mphatso ali m'njira anasiya msanga, ndivomereze, koma anabwereranso. Ndinamufunsa tsiku lina ngati saopa. Anati amaopa, n'chifukwa chake amayang'ana poponda. Ndinati tsiku lija unayang'ana. Anati inde, ababa, ndipo anthu amagwanso pa masitepe a fulati.

Ndiye musamaganize kuti ndinasiya kuopa. Okutobala aliyense, masamba akayamba kugwa mumsewu uno, ndimatsegula wailesi m'mawa kumvera za nyengo ya kumpoto, ndipo akatchula sinowo tiyi sandikomera. Mayi anu amadziwa. N'chifukwa chake amaimba akangotsika, ngakhale alibe chonena.

Tsopano iwe Chisomo, usayang'ane pansi. Ndinamva zimene unapempha mayi ako sabata yatha, zoti chaka chamawa akutenge kuphiri ukaone atonde. Makutuwa amamva zimene akufuna. Sindikuletsa ayi. Ndinalephera kuletsa mayi ako ali ndi iwe m'mimba, ndiye ndingakuletse lero uli ndi miyendo yakoyako? Koma chinthu chimodzi: musadzandibisire. Udzandiuze tsiku lake kudakali nthawi. Kuopa ndiye ntchito imene yanditsalira m'banja muno, ndipo ndimafuna ndiziyamba msanga.